Jekete la Amanzere

Lachinayi, mwezi wa Juni.

Ndadzuka ndi mantha ngati tsiku la mayeso a masamu, chonsecho mayeso kulibe. Kunja kunali nkhungu yoti mbuzi m'khola osaiona, kungoimva ikutsokomola. Ndili chigonere ndinamva bambo akuimba nyimbo ya kutchalitchi pakhonde, ndipo ndinadziwiratu kuti avala kale jekete lawo. Chiligulireni jekete limeneli bambo amaimba m'mawa, zomwe kale sankachita.

Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha msuweni wanga, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Bambo ndiwo malume ake, choncho ndiwo nkhoswe ya kuchikazi. Adzaimirira pamaso pa anthu onse, adzayankhula, adzalandira tambala n'kupereka thadzi. Akuchimuna akuchokera ku Blantyre, ndipo tamva kuti abwera odzaza basi. Vuto lake ndi lakuti jekete limene bambo akufuna kudzavala ndi lachizimayi. Mpaka lero masana iwo sankadziwa. Amene anawasankhira ndine.

Ndiyambe ndi jekete loyamba, chifukwa ndi limene linayambitsa zonsezi. Chaka chatha atagulitsa mbatatesi, bambo anapita kuboma ku Ntcheu n'kubwerako ndi jekete latsopano la m'sitolo, likadali m'pepala lake. Linali lakuda, lonyezimira ngati nthenga za khwangwala. Bambo ankavala thalauza la kaunjika, malaya a kaunjika, koma jekete ankakana. Ankati jekete limasunga mapewa a mwini wake, ndipo sungadziwe ngati mwini wakeyo adakali moyo. Amayi anawafunsa ngati thalauza silisunga kanthu. 

Jekete la m'sitololo sankalimanga bwino mabatani. Nthawi zonse ankaphonya bowo, mbali imodzi n'kutalika, amayi n'kumawakonza pakhomo la tchalitchi ngati mwana wa kumkaka. Silinakhalitsenso. Lamulungu lina abusa anati tonse tikweze manja. Bambo anakweza, ndipo tinamva phokoso ngati wina akung'amba chitenje. Linang'ambika kuchokera m'khwapa mpaka kumsana. Bambo anamaliza pemphero lonse manja ali m'mwamba, poganiza kuti akatsitsa msanga anthu adziwa kuti ndi iwo. Anthu anadziwabe. Amayi anayesa kulisoka, koma nsalu yake inali yoti ukakoka ulusi, umatuluka ndi nsalu yomwe. Kenako kolala inayamba kusupuka ngati khungu la mbatatesi yophika. Analikoloweka pamsomali kuchipinda, ndipo chabwino chimene latsala nacho ndi mabatani basi.

Kusukulu ndili m'kalabu ya zachilengedwe. Tsiku lina madamu athu anatiphunzitsa za zovala zosokedwa mothamanga, zotchipa, zimene munthu amavala kangapo n'kutaya. Anati ulusi wake wambiri ndi wa pulasitiki, suwola, umangodzaza maenje a zinyalala, ndipo popanga nsalu zimenezi madzi ambiri amawonongeka, utoto wake n'kumathera m'mitsinje. Anati kugula chovala cholimba chimene chilipo kale ndi njira imodzi yosamalira dziko. Ine ndinamvetsera ndi mtima wonse. Ndinafika kunyumba ngati mlaliki wa m'basi.

Ndinawauza makolo anga kuti ifeyo tili patsogolo. Juzi yanga ikandichepera imapita kwa mng'ono wanga, ikamuchepera iyeyo timavekera chidole choopseza mbalame kudimba, ikatha pamenepo imakhala chokolopera. Palibe chimene timataya.

Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye ife takhala tikusamala dziko chikhalire osadziwa? Ine ndimayesa ndi umphawi."

Amayiwo kaunjika amaidziwa bwino, koma ali ndi mwambo wawo. Akagula, amaika m'jumbo ya sitolo ya kuboma imene amaisunga pansi pa matiresi. Akafika kunyumba amachapa kawiri kuti fungo la belo lichoke, n'kuyanika kuseri kwa nkhokwe kuti anansi asaone. Anansiwo nawonso amayanika kuseri kwa nkhokwe zawo. Tsiku la msika onse amakumana pa mulu umodzi n'kupatsana moni ngati aliyense wangodutsa.

Nkhani ya chinkhoswe itamveka, ndinalalikira bambo masiku otsatizana mpaka anatopa nane. Anavomera kuti tipite pa Tsangano tsiku la msika, koma anati iwo pamulu safikapo. Anakaima patali, pafupi ndi ogulitsa mbewu ya kabichi, akuwerenga timapepala ta mbewu ngati ali ndi mayeso.

Aliyense wogula kaunjika amadziwa lamulo la belo latsopano. Akangodula zingwe, chimene wagwira ndi chako mpaka utachisiya wekha. N'chifukwa chake amayi ena amapanira zovala m'khwapa, ena amazikoloweka m'khosi, ena amangokhalira. Kusankha kumabwera pambuyo. Belo la majekete litatsegulidwa ndinalowa ndi mutu womwe. Ndinaona mkono wa jekete lotuwa ngati phulusa, nsalu yake yokhuthala, ndipo ndinaugwira. Nditakoka ndinapeza kuti mkono winawo wagwiridwa ndi mayi wina wonenepa wa kutsidya kwa malire, ali ndi mwana kumbuyo. Ndinadabwa kuti mayi akulimbirana nane jekete la abambo, koma ndinati mwina akufunira amuna awo.

"Pepani mayi, ndagwira ndine," ndinatero.

"Iwe mwana, likukwana limeneli?"

"Si langa. Ndi la bambo anga, awo aima apowo."

Mayi uja anayang'ana bambo, anayang'ana jekete, anandiyang'ana ine. Kenako anaseka mpaka mwana kumbuyo anadzuka, n'kusiya mkono uja.

"Tenga mwanawe. Akatchene bambo ako."

Ine ndinaona ngati ndi mayi wachifundo. Ndinathokoza mogwada.

Bambo anakaliyesera kuseri kwa matumba a wogulitsa. Linawakwana m'mapewa, mikono inafika pomwe iyenera kufika. Linali lolowa pang'ono m'chiuno, ndi kalamba kakang'ono kumbuyo, ndipo mabatani ake anali ndi tizithunzi timene bambo anati ndi nyenyezi, ngati za pa zovala za asilikali. Chimene ndinaona n'chakuti anamanga mabatani onse mwachangu, osayang'ana, osaphonya bowo. Anamasula n'kumanganso. Nkhope yawo inasintha. Wogulitsa anati, "Bwana, lakukhalani ngati munabadwa nalo." Munthu ameneyo ndidzamufunsa tsiku lina.

Chiyambire tsiku limenelo bambo ndi jekete sasiyana. Analikaniza kulowa m'jumbo ya amayi, analivala kuchokera pamsika pomwepo. Kutchalitchi akuluakulu anzawo ankagwira nsalu yake ndi zala, iwo n'kumanena kuti anasankha ndi mwana wawo wa ku sekondale. Anayamba kulalikira kaunjika kuposa ine. Ndinkanyada. Ndinkaona kuti ndatembenuza munthu mmodzi, ndipo ndinkafuna kukanena ku kalabu.

Dzulo nthawi yopuma, bambo anadutsa pamsewu wa pasukulu pa njinga, atanyamula thumba la feteleza, jekete lili pathupi. Anandiimikira dzanja. Mnzanga wa pa desiki imodzi, amene mayi ake amagulitsa kaunjika, anandikoka malaya.

"Iwe, bambo ako abwereka jekete la mayi ako?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Sunaone mabatani? Za amuna mabatani amakhala kumanja, za akazi kumanzere. Ine ndimasankhula mabelo ndi amayi, sindingaphonye. Komanso kalamba kaja. Komanso m'chiuno muja."

Ndinati akunama. Masana onse ndinkayang'ana malaya a aphunzitsi aamuna mmodzimmodzi, mpaka a sayansi anandifunsa ngati adontheza tiyi pachifuwa. Onse mabatani anali kumanja. Ndinayang'ana bulauzi yanga. Kumanzere. Apo m'pamene ndinamvetsa kuseka kwa mayi wa pamsika uja.

Madzulo ndinawauza amayi tikusankha nyemba. Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, nyemba zina n'kugwera pansi. Atamaliza anapukuta misozi, nkhope n'kukhala ya nkhawa.

"Anthu a ku Blantyre aja ali ndi maso," anatero. "Ndipo masiku ano chilichonse amajambula pa foni. Bambo ako adzafika m'mafoni a anthu osawadziwa atanyamula nkhuku."

Tinagwirizana kuti tilitenge mwakachetechete, tipite nalo kwa telala akasamutse mabatani n'kuboola mabowo mbali inayo. Bambo asadziwe kanthu. Vuto linali kulichotsa pathupi pawo.

Lero m'mawa amayi anayesa.

"Abambo, tabweretsani jeketelo ndilichape, Loweruka layandikira."

"Ndi nkhungu imeneyi? Liuma mwezi wa mawa."

"Ndiye ndingolisita."

"Nsalu iyi sisitidwa, mayi. Imadziwongola yokha."

"Likununkha utsi."

"Utsi wa nyumba yanga. Akaununkhize."

Anatenga khasu n'kumapita kudimba akuimba. Amayi anandiyang'ana ngati akuti mwayamba ndinu, malizani.

M'kalasi sindinamve chilichonse. Ndinkangoganiza kuti ngati kuba jekete kwalephereka, chatsala ndi kunena zoona. Nditaweruka sindinalowe m'nyumba, ndinatsetsereka kupita kudimba ndi yunifolomu yomwe. Ndinawapeza akuundira mbatatesi. Jekete anali atalikoloweka pa mtengo wa pichesi, atalitembenuza kuti lisade.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani."

"Akuthamangitsa kusukulu?"

"Ayi."

"Ndiye si nkhani. Khala apo."

Ndinakhala pa mzere. Ndinayamba ndi za mitsinje, za utoto, za maenje a zinyalala, ndi kuti chovala ndi chovala malinga n'cholimba. Bambo anatsamira khasu.

"Mayi, ulaliki umenewo ndinaumva kale ndipo ndinatembenuka. Fika pa mutu."

"Jekete lanu ndi la azimayi."

Bambo anaika khasu pansi, anasamba m'manja mu ngalande, anapukuta pa thalauza. Anatenga jekete, analitembenuza bwinobwino n'kuvala. Anamanga mabatani, anamasula, anamanganso.

"Wakuuza ndani?"

Ndinawafotokozera za mnzanga, za mabelo, za malaya a aphunzitsi.

"Zoti mabatani ali mbali ina ndinaziona tsiku lomwelo," anatero. "Ine ndimayesa ndi la amanzere."

Bambo ndi amanzere. Tonse timadziwa, koma sitiganizako, chifukwa kudya amadyera kumanja, moni amaperekera kumanja, kulemba amalembera kumanja, zilembo zake ngati mapazi a nkhuku. Khasu lokha ndi nkhwangwa n'zimene amagwirira kwawo. Anakhala pansi pafupi nane n'kundiuza zimene sanandiuzepo. Ali ku pulayimale, aphunzitsi ankawamanga dzanja lamanzere kumbuyo ndi luzi kuti aphunzire kulemba ngati anthu. Kunyumba akatambasula dzanja limenelo pa mbale ankalandira khofi. Chikwakwa cha kusukulu chinali chopindikira amanja. Sizasi m'dzanja lawo imangotafuna nsalu. Malaya aliwonse amene anavalapo, batani limakhala kumbali imene zala zake ndi zaulesi.

"Ndiye tsiku lija kuseri kwa matumba, zala zinangoyenda zokha. Ndinati kani kunja kuja kuli telala wina wake, wamanzere ngati ine, amene anakhala pansi n'kutiganizira. Ndakhala ndikuwauza anzanga. Mkulu wina wa mpingo wathu, wamanzerenso, wandipempha kuti undiuze belo lina likadzatsegulidwa, umupezere lake."

Ndinafuna kuseka ndiponso kulira. Bambo anavula jekete, analipinda, n'kundipatsa.

"Kapatse mayi ako."

Anatenganso khasu. Mphepo inali itayamba, ya pa Tsangano ija yolowa m'mafupa, iwo ali ndi malaya okha. Ndinakwera chitunda nditanyamula jekete, ndipo linkalemera kuposa tsiku limene ndinalimbirana ndi mayi uja.

Kunyumba ndinapeza azakhali atabwera ndi thadzi la chinkhoswe kuti tiwasungire, chifukwa kwawo kwavuta afisi a miyendo iwiri. Anali pakhonde ndi amayi, nkhuku ili pambali yomangidwa miyendo. Ataona jekete m'manja mwanga, amayi anadziwa. 

Dzuwa likupendeka bambo anafika atapinda manja pachifuwa, milomo itatuwa. Anapereka moni kwa mlongo wawo, analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi jekete la m'sitolo lija. Fumbi linagwa atalikutumula.

"Mayi, tasokani ili. Ndidzavala limeneli."

Amayi analitambasula, dzanja lawo n'kutulukira pa bowo la m'khwapa.

"Ndisoke pati, abambo? Apa pakufunika pemphero, osati singano."

Azakhali anayang'ana jekete long'ambikalo, kenako lotuwa lija lili pamiyendo panga.

"Achimwene, Loweruka mudzakweza tambala m'mwamba kuti anthu amuone. Mukufuna mudzakweze mutavala limenelo? Tidzamvanso nyimbo ya tsiku lija?"

"Linalo ndi lachizimayi," bambo anatero, akuyang'ana pansi.

"Eya, ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndinaona Lamulungu loyamba lomwe lija. Ndinali kumbuyo kwanu, kalamba kaja kakundiyang'ana mapemphero onse."

"Osandiuza?"

"Ndikuuzeni chiyani? Chibadwire chanu ndinali ndisanakuoneni mutamanga mabatani onse molondola. Ndinati alamu anga apumeko ntchito ya pakhomo la tchalitchi."

Amayi anabisanso nkhope m'chitenje. Bambo anatiyang'ana tonse atatu.

"Ndiye nonse mumadziwa, ine ndekha ndikuyendayenda m'mudzi muno ngati thadzi."

"Thadzi lake lofunda bwino," azakhali anatero. Kenako anasiya kuseka. "Tamverani achimwene. Mwana wanga akufuna malume amene adzayankhule mano osagundana. Alendo athuwo adzatsika basi atavala timalaya tawo ta m'tauni, topyapyala ngati pepala. Mphepo ya kuno idzawalandira isanafike nthawi ya moni. Pofika masana aliyense adzakhala akusirira jekete lanu. Wowerenga mabatani adzakhala ndani, manja ali m'khwapa?"

Ndinaona kuti bambo akuyang'ana jekete lotuwa. Anali akunjenjemerabe. Amayi anatsitsa chitenje.

"Tinaganiza zopita nalo kwa telala mawa, akasamutse mabatani apite kumanja. Palibe adzadziwe."

"Ayi," bambo anatero msanga. "Akasamutsa ndiye labwerera kwa amanja. Amanja ali nawo kale ambiri."

Anatambasula dzanja, lamanzere, ndipo ndinawapatsa. Analivala, zala n'kuyenda zokha mpaka batani lomaliza. Anakhala pa mpando n'kupuma ngati munthu amene wamwa tiyi wotentha. Kenako anakweza batani limodzi pafupi ndi maso, n'kutembenukira kwa ine.

"Mayi, nyenyezi izi."

"Bambo."

"Ndi maluwa eti?"

"Ndi maluwa, bambo."

Analiyang'anitsitsa kanthawi.

"Mbali ikhale yomweyi. Kalamba kakumbuyo sindikaona, si nkhani yanga. Koma maluwa okhawa ndiye ayi. Sindingakambe za ukwati wa mwana wa mlongo wanga nditabzala dimba pachifuwa."

Azakhali anaseka mpaka nkhuku inadzidzimuka. Ponyamuka anauza bambo kuti thadzilo adzapereke ndi manja awiri, asadzatengeke ndi ufulu wa amanzere pamaso pa alendo. Bambo anati zimenezo anaphunzitsidwa kale ndi luzi.

Za mkulu wa mpingo uja ndinawafunsa tikudya. Anati ndimupezerebe, koma ndisankhe lopanda maluwa, ndipo ndisamuuze zambiri kuposa zimene wafunsa. Amayi anati mapeto ake tchalitchi chonse chidzavala majekete a azimayi chifukwa cha kalabu yanga. Ine ndikuona kuti madamu akadzamva adzasangalala, ngakhale sindikudziwa ndidzayambira pati kufotokoza.

Mantha a m'mawa aja sanathe onse. Mwina wina mwa alendowo mayi ake amagulitsanso kaunjika. Mwina wina adzajambula. Koma bambo tsopano akudziwa chimene avala, ndipo asankha okha. Akuimbanso pakhonde panopa, motsitsa.

Ndatenga jekete la m'sitolo lija n'kuyeza batani lake limodzi pa bowo la jekete lotuwa. Likulowa bwinobwino. Ndi akuda, osalala, opanda chithunzi chilichonse. Mawa ndikaweruka ndibwereka lezala ndi singano kwa amayi, ndidula mabatani a m'sitolowo, ndiwasokerera pa jekete la bambo ndi ulusi wopinda pawiri, pamalo pomwe pali maluwa, kumanzere. Maluwawo ndisokerera pa juzi yanga ya Loweruka.